Disiki Yodzuka Mochedwa

Chisanu cha ku Dedza mwezi wa Juni sichiona nkhope. Chimalowa m'mafupa a munthu, m'mano, ngakhale m'zitsulo zimene timati zilibe moyo. Rahma anabadwira m'chisanu chimenechi ndipo ankachidziwa bwino, koma sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti tsiku lina chidzalowerera pa ntchito yake.

Anali ndi kachipinda kuseri kwa golosale ya bambo ake, a Harun, m'tauni ya Dedza, momwe ankakonzeramo makompyuta ndi mafoni. Atangoyamba kumene, anthu ankabwera kudzangoonerera mtsikana wampango kumutu akumasula laputopu ngati akusenda nthochi. Pambuyo pake anayamba kubwera ndi katundu wawo wakufa, n'kumabwerera naye wamoyo. Mbiri inafika mpaka ku Chimbiya ndi ku Linthipe, ndipo tisabise, matamandowo anamulowa m'mutu pang'ono.

Tsiku lina masana kunafika bambo wachikulire akukankha njinga. Pakaliyala anamangapo kompyuta yakale, yokutidwa ndi bulangete ngati wodwala wopita kuchipatala. Anali a Petulo Zikhalo, mlimi wa mbatata ya kachewere ndi kabichi wa kumtunda kwa Bembeke. Anafotokoza nkhani yawo pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Akazi awo, a Rute, anamwalira chaka chatha. Mayiwo ndi amene ankapeka nyimbo ndi kutsogolera kwaya ya kutchalitchi cha kumudzi kwawo. Kaimbidwe kawo kanali kakuti ndime zonse ankaimba okha, ena onse n'kumangoyankha mawu amodzimodzi. Kulemba nyimbo papepala ankakana, ankati pepala limaziziritsa nyimbo. Atayamba kudwala anapeka nyimbo yomaliza, yaitali, imene sanafike nayo kutchalitchi. Anangoiimba pakhomo, mwana wawo Collins n'kuijambula pa kompyuta imeneyi asanapite ku Joni kukasaka ntchito.

Tsopano chiliza cha a Rute chinali chitamangidwa, mwambo wake unali Loweruka likudzalo, ndipo akwaya ankafuna kukaimba nyimboyo pamanda. Poyankha pake a Zikhalo ankapakumbukira. Ndime zake zinalibe mwini wina, zinali m'bokosi lachitsuloli basi, ndipo bokosilo linali litakana kuyaka.

Rahma atatsegula ndi kutulutsa disiki, kambale kosungira zinthu kaja, anaiyatsa payokha n'kutchera khutu. Inkalira kuti thi, thi, thi, ngati wotchi yotopa. Anadziwa nthawi yomweyo kuti ili pafupi kufa. Disiki yotere sumaitsegula n'kuyamba kusakasaka mafayilo ayi, imakufera m'manja. Umaisamutsa yonse, chidutswa ndi chidutswa, kuithira pa disiki ina yathanzi, ndipo kusakako umakachitira pa yathanziyo. Anali ndi pulogalamu yochitira zimenezi, yabwino ndithu, yomwe imakumbukira pomwe yalekezera ngati ntchito yadukira panjira. Anawauza bambowo kuti abwere mawa, ndipo anawonjezera ndi kamwa lake lomwe kuti asade nkhawa, mawu a mayi ali m'manja abwino.

Anatenga disiki yatsopano, yopanda kanthu, yofanana kukula ndi yakaleyo, n'kulumikiza onse awiri pa kompyuta yake ndi zingwe. Apa mpofunika kufotokoza khalidwe lina la makinawa. Kompyuta ikamayaka imaitana madisiki amene alumikizidwa, ndipo imawapatsa mayina motsata mmene ayankhira. Yoyamba kuyankha imatchedwa sda, yachiwiri sdb, choncho basi. Sifunsa kuti dzulo unali yani. Alipo mayina ena amene sasintha, okhala ndi nambala yomwe disiki inabadwa nayo kufakitale, yomwenso imalembedwa pamsana pake. Rahma ankawadziwa. Mphunzitsi wake ku Lilongwe ankachita kumenya tebulo powakumbutsa. Koma mayina amenewo ndi aatali ngati mzere wa kuchigayo, ndipo munthu wotamandidwa mpaka ku Linthipe alibe nthawi yolemba zilembo zambirimbiri pomwe zitatu zikukwanira.

Tsiku limenelo anasamala, tisamunamizire. Anayang'anitsitsa n'kutsimikiza kuti yakale ndi sda, yatsopano ndi sdb. Anamata kaselotepi pa iliyonse, yakale n'kulembapo A, yatsopano B. Kenako analemba lamulo lake: tenga za pa sda, thira pa sdb. Ntchito inayenda mokwawa masana onse, disiki yakale ikudodoma, kulira, kuyambanso. Chakumadzulo, ntchito ili chapakati, magetsi anazima. Rahma sanadandaule. Anatseka chitseko n'kupita kunyumba, podziwa kuti pulogalamu yake siiwala.

M'mawa mwake kunacha ndi chifunga chobisa phiri lonse. Atafika pagolosale anapeza a Zikhalo ali kale pakhonde, manja m'khwapa, ndevu zili ndi mame. Panjinga panali kathumba ka kachewere koti amupatse. Kuti afike nthawi imeneyo kuchokera ku Bembeke ndiye kuti ananyamuka kusanache, ndipo Rahma anachita manyazi kwambiri kuti wadikiritsa munthu wamkulu pachisanu chotere.

Lamulo lake linali lakuti sagwira ntchito mwini katundu akuyang'ana. Koma munthu wa msinkhu wa bambo ako, akunjenjemera, wakubweretsera chakudya cha m'munda mwake, ungamuuze bwanji kuti adikire panja? Anawalowetsa n'kuwapatsa mpando, umodzi wokhawo umene unali m'chipindamo. A Harun anasuzumira, kupereka moni, n'kunena kuti atumiza tiyi. Magetsi anali atabwera. Rahma ali chiimire anayatsa kompyuta ndi dzanja limodzi, nkhope ili kwa mlendo, chifukwa moni wa akuluakulu sayankhidwa utapereka nkhongo. Anafunsidwa za thupi, za mayi ake, za achimwene ake, nayenso anafunsa za kumudzi, za ulendo, za Collins. Chapakati pa malonjewo anamva disiki yakale ikuyesa kuzungulira, kulephera, kuyesanso, koma khutu linamva lokha, mutu unali pa ulemu. Anadina batani lobweretsa lamulo ladzulo, analiona kuti ndi lomwe lija, sda kupita pa sdb, n'kuliyendetsa.

Manambala pasikirini anayamba kuthamanga. Dzulo ankakwawa, lero ankatsetsereka ngati minibasi yotsikira ku Linthipe. Pamzere wosonyeza malo okanika kuwerenga panalibe chatsopano n'chimodzi chomwe. A Zikhalo, amene sankadziwa tanthauzo la manambalawo koma ankaona liwiro lake, anafunsa ngati lero zikuyenda bwino. Rahma anavomera akumwetulira, ndipo mumtima anadziyamikira.

Tiyi anabwera. Rahma analandira kapu yake, n'kuigwira ndi manja onse awiri kuti afunditse zala. Ali chomwecho, kanthu kena kanayamba kumukanda mumtima. Disiki yodwala sichira usiku umodzi. Dzulo lonse inkapunthwa pena paliponse, nanga lero yapeza kuti mphamvu, m'mawa wozizira chonchi? Anakumbukira kulira kuja kwa poyatsa, kuyesa, kulephera, kuyesanso. Yakale inali itachedwa kudzuka.

Anaika kapu patebulo. Anatsegula zenera lina pasikirini n'kufunsa kompyuta mayina aatali aja. Pa sda panatuluka nambala, pa sdb nambala ina. Anapendeketsa disiki ya kaselotepi ka A, yakale ija, kuti awerenge zolembedwa pamsana pake. Zala zake zinali zitauma. Anawerenga kamodzi, n'kubwereza. Nambala ya disiki ya a Rute inali pa sdb.

Yatsopano inali itayankha msanga n'kulanda dzina la sda. Selotepi anali pomwepo, A pa yakale, B pa yatsopano, koma kompyuta siwerenga selotepi. Nthawi yonse imene iye ankamwetulira, makina ankatenga zopanda kanthu za pa disiki yatsopano n'kumazithira pa yakale. Ndipo choipitsitsa chinali kukumbukira kuja kumene ankakunyadira. Pulogalamu inali italumpha zonse zimene zinapulumuka dzulo, n'kuyambira ndendende pamene panali pasanapulumuke.

Anadina mabatani oimitsira. Manambala anapitirirabe pang'ono, ndipo pang'ono pamenepo iye sanathe kupirira. Anagwira chingwe cha disiki yakale n'kuchizula. Chigongono chinagunda kapu, tiyi n'kukhuthukira pansi mpaka pansapato za mlendo.

"Kwagwanji, mayi?" anafunsa a Zikhalo.

A Harun, atamva kusweka kwa kapu, anabwera n'kuima pakhomo. A Zikhalo anayang'ana chingwe chozulidwa, n'kuyang'ana nkhope ya mtsikanayo, ndipo anamumvera chisoni iyeyo, zomwe zinamupweteka Rahma kuposa kutukwanidwa.

"Yafa eti? Musadzivute mtima, mwana wanga. Collins ananena pafoni kuti chinthuchi n'chokalamba. Mwayesetsa."

Khomo lothawira linali limenelo, lotsegulidwa ndi mwini wake wolakwiridwayo. Panalibe munthu m'Dedza monse amene akanatsutsa. Disiki inali yodwaladi, bambowo anaimva okha ikulira. Akanangogwedeza mutu, iwo akanakwera njinga n'kukauza akwaya kuti makina anafa ndi ukalamba, ndipo mbiri ya Rahma ikanatsala yoyera. Anakufuna kugwedeza mutuko, anakufunitsitsa ndithu. Koma anaona kuti akatero ndiye kuti nkhani yathera pomwepo, disiki ikabwerera kumudzi m'bulangete lake, ndipo zimene zikanatha kupulumukabe zikafera m'kabati.

Anagwada pansi, pambali pa tiyi wotayikayo.

"Bambo, sinafe yokha. Ndalakwitsa ndine."

Anafotokoza mmene akanathera. Anati makina amatchula madisiki mayina potsata yemwe wadzuka msanga, kuti chisanu chinagwira disiki yakale n'kuchedwa kudzuka, dzina lake n'kutengedwa ndi inzake, ndipo iye sanayang'ane asanayambe. Anati m'malo motunga m'chitsime, wakhala akukwiriramo dothi. Sanatchule za moni, za manyazi ake kapena za mpando, chifukwa ankadziwa kuti kutero kukanakhala kuwasenzetsa iwo gawo la mlandu wake.

A Zikhalo anawerama n'kuika kapu yawo pansi, tiyi ali chapakati, ndipo sanaikhudzenso.

"Nanga mawu a amake Collins?"

"Sindikudziwa, bambo. Zadzulo zilipo. Za kutsogolo kwa pomwe ndaimitsa zikhoza kupulumuka. Zapakatipo zapita. Nyimboyo ili mbali iti, sindingadziwe mpaka nditamaliza."

A Zikhalo anayankha kuti adikira. Anaimirira, kutenga chipewa chawo, n'kukakhala panja pakhonde, pomwe dzuwa linkayesa kuboola chifunga.

Rahma anazimitsa zonse n'kuyambiranso. Ulendo uno analemba mayina aatali aja, chilembo ndi chilembo. Anapempha bambo ake kuti avale magalasi awo n'kugwira disiki yakale, iye akuwerenga nambala mokweza, iwo akutsatira ndi chala pamsana pake. Anachita chimodzimodzi ndi yatsopano. A Harun sanamudzudzule, sanamutonthozenso. Atamaliza anangomuyang'ana, n'kubwerera kukauntala kwawo. Rahma anayang'ana lamulolo kwa nthawi, akuopa batani limene m'mawa analidina osaliganizira, kenako analidina.

Disiki yakale inayamba kulira thi, thi, thi, manambala n'kumakwawa. Kulira kumene dzulo kunkamudetsa nkhawa lero kunamukhazika mtima pansi, chifukwa kunkasonyeza kuti yomwe ikuwerengedwa ndi yodwalayo.

Tsikulo linatalika. Nthawi zina disiki inkaima zii, Rahma n'kuleka kupuma mpaka iyambenso. Babu la m'chipindamo likangophethira, maso ake ankathamangira kudenga, akupempha mumtima kuti magetsi apirire. Kumzikiti kunamveka kuitanira swala ya masana, a Harun anatseka golosale, kupita, kubwerako. Anawaitanira a Zikhalo chakudya, koma iwo anathokoza mwaulemu n'kunena kuti sakumva njala. Rahma akasuzumira pazenera ankawaona ali pomwepo, korona m'manja, milomo ikugwedera. Anthu awiri anabwera ndi mafoni osweka, ndipo anawabweza osawayang'ana n'kumaso komwe. Anali ndi mantha, ndipo analinso wokwiya ndi dzanja lake lomwe.

Dzuwa litapendeka, pulogalamu inamaliza. Rahma anachotseratu disiki yakale, kuikulunga m'nsalu, n'kuiika pashelefu patali ndi zingwe zonse. Kenako anatsegula yatsopano. Mafayilo a Collins anaoneka: zithunzi, zolemba za kusukulu, nyimbo za achinyamata. Zithunzi zina zinkatseguka bwino, zina zinkakana. Pansi pake panali fayilo yolembedwa kuti nyimbo yatsopano ya amayi. Inalipo, ndipo kutalika kwake kunkaoneka kokwanira. Mtima wake unadumpha, koma anaubweza, chifukwa ankadziwa kuti dzina ndi kukula kwa fayilo zimasungidwa pena, zamkati mwake pena. Anaganiza zoyamba waimvera yekha. Koma anaona kuti wawabisira kale zokwanira m'mawa uja pomwe ankamwetulira, choncho anatuluka n'kukawaitana.

A Zikhalo anakhala pampando paja, chipewa pabondo. A Harun anaima pakhomo. Rahma analumikiza sipika n'kudina.

Kunamveka kukwekwesa kwa mpando, nkhuku chapatali, kenako mawu a mnyamata akuti amayi ayambe. Munthu anatsokomola. Ndiyeno mawu a mzimayi anatuluka, otopa koma olunjika, osagwedera, akuimba za munthu wokwera phiri ndi katundu pamutu. A Zikhalo anatseka maso. Ndime yoyamba itatha, m'sipikamo munayankha mawu angapo, ndipo pansi pa onsewo panali besi ya bambo amene anakhala pampandowa: "Phiri n'lalitali, Mbuye, tidikireni." Rahma anamva misozi ikubwera, ndipo anayamba kukhulupirira kuti wapulumuka.

Ndime yachiwiri inayamba. A Rute anaimba mzere umodzi, kulowa wachiwiri, ndipo pakati pa liwu mawu anaduka.

Sipika sinalire kapena kukhwekhwereza. Inangokhala chete, kamzere kosonyeza nthawi pasikirini kakuyendabe. Rahma anazindikira kuti zopanda kanthu zimene anathira zija ndi zimene zikuimbidwa tsopano. Anatambasula dzanja kuti adumphitse, asake pomwe mawu angabwererenso, koma a Zikhalo anakweza chikhatho osatsegula maso, ndipo iye anabweza dzanjalo.

Bambowo ankamenya bondo ndi zala, pang'onopang'ono, kusunga kayendedwe ka nyimbo. Itakwana nthawi yake anayankha okha, ndi mawu apansi, osweka: "Phiri n'lalitali, Mbuye, tidikireni." Kenako anakhala chete, kusiyira akazi awo malo a ndime yawo, zala zikumenyabe. Milomo yawo inkayesa kugwira liwu apa ndi apo, koma silinkabwera. Anayankhanso. Anadikiranso. Rahma ankayang'ana kamzere kaja kakuyandikira kumapeto, ndipo chete ameneyo ankamulemera kuposa chilichonse chimene anasenzapo. A Harun anaweramitsa mutu.

Kutatsala pang'ono kuti fayilo ithe, sipika inadzuka mwadzidzidzi. Nyimbo inali itatha kale. Kunamveka kutsokomola kwautali, kenako kuseka pang'ono, kwa munthu amene mpweya wamuthera.

"Basi, zimitsa, ndatopa," anatero mawu a a Rute. "Mwaigwira eti, bambo a Collins?"

Ndipo m'sipikamo mawu a mwamuna, amphamvu, opanda nkhawa, anayankha kuti: "Ndaigwira, ndaigwira."

Fayilo inathera pomwepo. A Zikhalo anatsegula maso n'kuyang'ana kabokosi ka sipika nthawi yaitali. Zala zawo zinali zitaima pabondo. Polankhula sanayang'ane Rahma, amene anali atagwadanso pansi akulira mosatulutsa mawu.

"Sindinaigwire, amake Collins," anatero motsitsa. "Ndinkati ili m'makinamu."